Mapiritsi Omwera Mzime

Mzime anachedwa kudziwa kuyendetsa galimoto, koma kuyendetsa mwamuna anadziwa msanga. Mwamunayo anali yemwe uja ankamuphunzitsa galimoto, munthu wamtali, wofatsa, wosadziwa kukalipa ngakhale wophunzira atalunjika pa mpanda wa eni ake. Laisensi itatuluka maphunziro anatha, koma awiriwo sanasiye kukumana. Mzime ankamuitanabe kuti Aphunzitsi, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka kwawo kwa mtsikanayo.

Chibwenzi chitafika poti akambe za ukwati, Mphunzitsi anaimika galimoto kuseri kwa bwalo lophunzirira, n'kuzimitsa injini, n'kuulula. Anali ndi hepisi, matenda a matuza a kumaliseche amene amatuluka, n'kupola, n'kudzatulukanso. Anawatenga kalekale ndipo sachoka m'thupi. Ananena zonsezi maso ali pa chiwongolero, khutu likudikira kumva chitseko chikumenyetsedwa.

Chitseko sichinamenyetsedwe. Mzime anangoti, "Ndamva. Ndiye injini mwazimitsiranji? Tiyeni tizipita."

Kuyambira pamenepo Mphunzitsi ankamuona Mzime ngati mngelo. Ankamunyamulira chikwama, kumutsegulira zitseko, ndipo mvula ikawapeza panjira ankapepesa ngati waigwetsa ndi iye. Anagwirizana zodikira ukwati asanagonane, ndipo anadikiradi. Tisamunamizire Mzime, mwamunayo ankamukonda ndithu. Koma ankakondanso mpando umene anakhazikidwapo. Kwawo anali mzime, wotumidwa ndi aliyense, pomwe kuno anali wokhululukira, ndipo wokhululukira satumidwa.

* * *

Chipinda cha dokotala chinali ndi tebulo, mipando yolimba, bedi loyala nsalu yoyera ndi fani yozungulira mwaulesi. Dokotalayo anali mayi wolankhula mwachangu, amene sankatsitsa mawu potchula ziwalo za thupi.

"Ndiyambe ndi ichi, kuti wina asakakupusitseni ndi mabotolo. Mankhwala ochotseratu kachilomboka kulibe. Koma njira zokakhazika pansi zilipo ziwiri. Yoyamba, mumasunga mapiritsi kunyumba, asikilovira kapena valasikilovira. Mukangomva kuyabwa kapena kutentha kuja kumabwera matuza asanatuluke, mumayamba kumwa pompo, kwa masiku ochepa. Zilonda zimapola msanga, ululu umachepa. Mukazengereza, mankhwala amapeza nkhondo itatha."

"Yachiwiri?" anafunsa Mphunzitsi.

"Kumwa tsiku lililonse, kaya zilonda zilipo kaya palibe. Matuza amabwera patalipatali, ndipo mpata wopatsira mnzanu umatsika pafupifupi ndi theka. Ndati umatsika, sindinati umatha. Mukaphatikiza kondomu, n'kumapewana zilonda zikakhalapo kapena zikamayamba, umatsikanso."

"Yachiwiriyo."

"Dikirani kaye, bambo. Matuzawa amakuvutitsani kawirikawiri?"

"Ayi, mwa apo ndi apo. Ndimatsuka ndi madzi ofunda a mchere, n'kumwa mankhwala ochepetsa ululu, zimatha."

"Ndiye kwa inu nokha njira yoyamba ikanakwana."

"Sindikumwera ine, adokotala. Ndikumwera uyu."

Mzime anayang'ana zikhadabo zake. Mawuwo anamukomera, ndipo akanakonda kuti pakhale anthu ochulukirapo owamva.

Dokotala anatembenukira kwa iye. "Nanga inu, munayezetsapo?"

"Ine? Sindinatulukepo ngakhale kachiphuphu."

"Ambiri amene ali nako sanaonepo kanthu. Sitiyeza aliyense, koma mnzanu akakhala nako zimathandiza kudziwa. Ngati nanunso muli ndi mtundu womwewo, palibe woti atetezedwe, ndipo bambowa sangafunikire kumeza mapiritsi tsiku ndi tsiku."

Mzime anaseka n'kupinda dzanja la bulauzi. "Bayani, adokotala, mitima ikhale pansi."

Anapereka mkonowo ngati munthu wopereka mphatso. Mphunzitsi anayang'ana kumbali pamene singano inkalowa, poti iye ndi amene ankamva kuwawa.

* * *

Makolo a Mzime anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo anakulira m'manja mwa mchimwene wake wamkulu. Achimwene anali munthu wa mawu ochepa ndi malamulo ambiri. Mkazi wawo, amene Mzime ankangowaitana kuti Alamu, anali ndi mawu ambiri ndi malamulo ochepa, choncho nyumbayo inkayenda.

Madzulo ena Mzime anapeza galimoto yofiira pakhomo. Pabalaza, pampando wa alendo olemekezeka, panali Mandevu, mnzawo wa Achimwene. Mandevu anali chibwenzi choyamba cha Mzime. Anamukonda kwa kanthawi, n'kumusiya osatsanzika atapeza wina, ndipo tsopano atamva kuti pali mwamuna wofuna kumukwatira, anakumbukira njira. Achimwene ankadziwa kuti awiriwo anali pa chibwenzi, koma m'mutu mwawo chinali chibwenzi cha pabalaza, chopatsana moni ndi kuperekezana mpaka pageti. Mzime sanaone chifukwa chowakonzera maganizowo.

"Achemwali, mwasowatu," anatero Mandevu akusisita ndevu zake.

"Sindinasowe. Amene anachoka ndinu."

"Iwe Mzime, mlendo amayankhidwa choncho?" anatero Achimwene.

Kukhitchini Alamu anamunong'oneza akutsuka makapu. "Achimwene ako mtima uli kwa wandevuyu. Akuti mwamuna wokhalira kukwera galimoto ndi akazi a eni ake tsiku lonse sangamange banja."

"Ndi ntchito yake."

"Ine ndikudziwa. Koma ntchito ya wandevuyu ndi kuseka nthabwala za achimwene ako, ndipo imeneyo ndi ntchito yolemetsa kwambiri pa nyumba ino."

Mlendo atapita, foni ya Mzime inalira. Uthenga unali wa Mandevu: "Ndinalakwa, ndavomera. Koma amene anayamba kulima munda amadziwa pamene pali chinyezi."

Mzime anayankha kuti, "Munda unagulitsidwa." Kenako anafufuta zonse ziwiri.

* * *

Zotsatira za magazi anakatenga yekha, chifukwa Mphunzitsi anali ndi wophunzira. Analowa akumwetulira, chikwama chili paphewa ngati munthu wongodutsa.

"Khalani pansi," anatero dokotala.

Magaziwo anaonetsa kuti anali ndi hepisi. Dokotala ananena kuti nthawi zina kuyeza koyamba kumanama, choncho anabayanso n'kutumiza kuti akayeze mwa njira ina. Mzime anakhala masiku odikirawo akuuza Mphunzitsi kuti makina a kuchipatala awonongeka. Atabwerera, yankho linali lomwelo.

"Mwina ndi wa pamilomo uja," anatero Mzime. "Ndinamva kuti ulipo wa pamilomo, woti ngakhale ana amakhala nawo."

"Ulipodi. Koma wanuwu ndi mtundu wachiwiri, womwe uja ali nawo bambo anu aja. Umenewu nthawi zambiri umadutsa pogonana."

"Sanandikhudzepo."

"Ndiye unabwera iwo asanabwere. Ukhoza kukhala m'thupi zaka osadzionetsa."

Mzime sanafunikire kuwerenga zala. Mwamuna amene anamudziwapo anali mmodzi, ndipo masiku apitawo anali atakhala pampando wa alendo olemekezeka akumwa tiyi wa Alamu.

"Ndimwe chiyani?"

"Pakadali pano palibe. Mulibe zilonda, palibe chochiza. Zikadzatuluka mudzabwere msanga. Mukadzakhala ndi pakati mudzauze amene akukuonani, chifukwa kumapeto kwake timapereka mapiritsi kuti mwana asatengere pobadwa. Nkhani yabwino ndi ya bambo aja. Angathe kusiya zomwa tsiku ndi tsiku n'kumangosunga a pamene zayamba."

Mzime anafunsa funso limene iye mwini anachita nalo manyazi lisanathe kutuluka. "Akapitiriza kumwa, angadwale?"

Dokotala anavula magalasi. "Ambiri sawavuta, bola azimwa madzi okwanira. Ena amamva mutu kapena mseru. Koma funso lanu si limenelo, mayi. Thupi ndi lawo. Akamameza chinthu m'mawa uliwonse, ayenera kudziwa chimene akumezera. Ine sindingawauze, si udindo wanga. Wanu."

Mzime anathokoza n'kutuluka. Panja anapeza uthenga wa Mphunzitsi: "Makina akonza?"

Analemba kuti "Tikambirana," n'kufufuta. Analemba kuti "Ndili ndi nkhani," n'kufufutanso. Umene unapita unali waufupi kuposa onsewo: "Akonza. Ndilibe."

Yankho linabwera ndi timitima tambirimbiri.

* * *

Bodza limeneli silinali ndi phindu lililonse looneka. Mwamuna amene ali ndi hepisi sangathawe mkazi chifukwa cha hepisi, ndipo Mzime ankadziwa zimenezo. Chimene ankaopa chinali kutsika pampando. Ankaopa kuti Mphunzitsi adzamuyang'ana monga amayang'anira anthu ena onse, mwachifundo, mofanana. Ankaopanso funso lotsatira, loti anakupatsa ndani, chifukwa anali atamuuza kuti za Mandevu zinali zachibwana, zopatsana moni basi. Bodza lakale linafuna latsopano kuti lilichirikize.

Anakumana Loweruka masana m'kanyumba kogulitsira zakumwa, pafupi ndi siteji ya basi. Mphunzitsi anafika ndi botolo lalikulu la madzi, limene tsopano ankayenda nalo paliponse ngati mwana wobereka.

"Mwaonda, Aphunzitsi."

"Ndi mseru wa m'mawa. Adokotala akuti utha thupi likazolowera." Anaseka. "Anzanga kuntchito akuti ndili ndi pakati."

"Bwanji osangosiya? Mutenge njira yoyamba ija."

"Ndisiye? Pamene tadziwa kuti iwe ulibe ndi pamene ndiyenera kulimbikira. Ndikufuna tsiku la ukwati lidzandipeze nditazolowera kale. Ukudziwa, Mzime, ndikamameza piritsi lija ndimamva ngati ndikuchitapo kanthu. Zaka zonsezi matendawa ankangondichita, ine osawachita kanthu."

Mzime anazunguza kapu yake patebulo. Anatsegula pakamwa, ndipo Mphunzitsi anaweramira kutsogolo kuti amve, ndi nkhope ija yokhulupirira zonse zisananenedwe.

"Kolala yanu yapindika," anatero Mzime, n'kuyikonza.

Anadziuza kuti anena mawa. Mawa litafika anadziuza kuti anena akamaliza paketi imene anayamba, kuti mankhwala asawonongeke. Zengerezu adalinda kwawukwawu, koma amene akuzengereza amakhala ndi zifukwa zomveka tsiku lililonse.

* * *

Mandevu sankagwira ntchito yolemetsa, choncho anali ndi nthawi yoona zinthu. Anamuona Mphunzitsi akutuluka m'famase ndi kapepala ka mankhwala. Atamuonanso ulendo wina pamalo omwewo, anaimika galimoto yofiira ija n'kumupatsa moni wautali, maso ali pa thumba la malaya.

Madzulo ake Mzime analandira uthenga: "Mnzako uja amadya mapiritsi ngati chingamu. Wakuuza chimene akudwala? Ine ndimakufunira zabwino."

Mzime anaimba foni, zimene sankachita.

"A Mandevu, za anthu ena zisiyeni."

"Ndiye ukudziwa? Ukudziwa, n'kumapitirizabe?"

"Inuyo munayamba mwapitako kuchipatala, osadwala, kungoti akuoneni?"

"Ine? Ndikatani? Thupi ili silidziwa bedi la chipatala. Tandiyang'ana bwino ukadzandiona."

"Ndinakuyang'anani kale."

Mzime anadula foni mwaukali. Akanatha kumuuza pomwepo, koma Mandevu anali munthu woti ukamuuza chinsinsi m'mawa, masana umachimva kwa wometa tsitsi. Ndipo monga mwa khalidwe lake, uthenga umene anatumiza kwa Mzime anautumizanso kwa Achimwene, atawonjezera mchere.

* * *

Achimwene anaitanitsa Mphunzitsi Lamulungu masana. Pabalaza anazimitsa wailesi yakanema, chizindikiro choti nkhani ndi yaikulu. Alamu anakhala pafupi ndi khomo la kukhitchini. Mzime anakhala pampando wa pakona. Mandevu analiponso, akuti monga mboni, mwendo uli pamwamba pa unzake.

"Bambo, ine sindizungulira," anatero Achimwene. "Mwana uyu ndamulera ndekha. Ndamva kuti mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Ndi a chiyani?"

Mzime anamuyang'ana Mphunzitsi n'kupukusa mutu pang'ono. Akanatha kunena kuti ndi a kuthamanga kwa magazi, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma Mphunzitsi anali ataphunzira, kwa Mzime yemweyo, kuti ukanena zoona anthu amakukhululukira.

"Ndi a hepisi, achimwene. Matuza a kumaliseche. Ndinawatenga kale ndisanamudziwe mlongo wanu. Sapha munthu, koma sachoka. Ine sandivutitsa kwenikweni. Mapiritsiwa ndikumwa kuti tikadzakwatirana ndisadzamupatsire."

"Ndisakhale achimwene anu msanga," anatero Achimwene. "Mankhwalawo amatseka njira kotheratu?"

"Amachepetsa. Kotheratu ayi. Sindingakunamizeni."

"Mwamva?" anatero Mandevu akutsitsa mwendo. "Amachepetsa. Ngati kuchepetsa liwiro pamene wagunda kale munthu."

"A Mandevu, tiyi wanu akuzizira," anatero Alamu.

Achimwene anatembenukira kwa Mzime. "Iwe umadziwa?"

"Ndimadziwa."

"N'kukhala chete m'nyumba mwanga muno." Anapuma mozama. Mkwiyo wawo sunali waphokoso, ndipo chimene chinali pansi pake anali mantha. "Bambo, mundiyankhe ngati mwamuna. Munamukhudza?"

"Ayi."

"Aliyense amatero."

"Ndiye musakhulupirire ine, khulupirirani magazi," anatero Mphunzitsi, ndipo nkhope yake inawala ngati ya munthu amene wakumbukira kuti ali ndi ambulera. "Anayezetsa kale. Alibe. Mzime, auze achimwene."

Mzime anayang'ana kapeti. Panali banga la tiyi lakalekale limene Alamu analephera kulichotsa, ndipo analiyang'anitsitsa ngati muli yankho.

"Zoyezetsa awiri mwachinsinsi ine sindizidziwa," anatero Achimwene. "Mawa ndipita naye ndekha, kuchipatala chimene ndisankhe ine. Akapezeka alibe, musiyana mwamtendere, aliyense njira yake, ndipo pali anthu athanzi amene akhala akudikira moleza mtima." Sanayang'ane Mandevu, koma Mandevu anawongola msana. "Akapezeka nawo, bambo, ndidziwa kuti mwandinamiza pamaso m'nyumba mwanga. Ndikafika kuntchito kwanu. Makolo amene amakupatsani ana awo aakazi kuti muwaphunzitse galimoto adziwa munthu amene amakhala naye pampando wakutsogolo."

"Ndavomera," anatero Mphunzitsi mosazengereza. "Akapezeka nawo muchite nane chimene mukufuna. Koma akapezeka alibe, za kusiyanazo tidzakambiranenso, chifukwa ine sindinatope."

Munthu wosalakwa amalumbira mosavuta. Mzime anaona zonse mwadongosolo: magazi adzanena zimene ananena kawiri kale, Achimwene adzakwera basi kupita ku bwalo lophunzirira, ndipo mwamuna amene ankadziwa ntchito imodzi yokha adzaitaya chifukwa cha chinthu chimene sanachite.

"Za basi yopitira kuchipatala musavutike, akulu," anatero Mandevu akutulutsa makiyi n'kuwaika patebulo kuti aliyense awaone. "Ndidzakutengani ine. Nkhani ya mlongo wathu ndi yathu tonse."

Mzime anadzutsa mutu. Mawu ake anatuluka wamba, ngati akupempha mchere.

"Ndipita, achimwene. Koma popeza a Mandevu akhala ali komweko, nawonso akapereke mkono. Awayeze matenda omwewa."

Mandevu anaseka. "Ine ndalowapo bwanji? Ine ndine dalaivala chabe."

"Munalowapo kale. Aphunzitsi asanabwere."

Woyamba kumva anali Alamu, amene anaika dzanja pakamwa n'kulowa kukhitchini osatumidwa. Wachiwiri anali Mandevu. Kuseka kuja kunauma, ndipo anatola makiyi ake mwakachetechete ngati si ake. Achimwene anayang'ana mnzawo, n'kuyang'ana mlongo wawo, n'kuyang'ananso mnzawo, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire kulera mwana anasowa lamulo lopereka.

Mzime sankayang'ana aliyense wa iwo. Ankayang'ana Mphunzitsi, amene zinthu zinkamufika pang'onopang'ono chifukwa sanazolowere kumukayikira. Anadikira kuti amufunse za Mandevu. Yankho la funso limenelo anali atalikonza.

Mphunzitsi anaimirira n'kutenga botolo lake la madzi. Sanakalipe, poti sankadziwa kukalipa. Anaima patsogolo pake n'kulankhula motsitsa, ndipo anamupatsa ulemu umene amapatsa ophunzira atsopano.

"Za bamboyu sindikufunsani, zinachitika ine kulibe. Matendawonso sindikufunsani, ndikuwadziwa. Ndingofunsa chimodzi. Loweruka lija ndimakuuzani za mseru, inu n'kundikonza kolala, munali mukudziwa kale?"

"Ndinali ndikudziwa."

Anagwedeza mutu, n'kutsanzika Achimwene mwaulemu, n'kutuluka. Chitseko anachitseka bwinobwino, osachimenyetsa.